Miyezi inayi pa mankhwala a TB: lipoti la mayi wa khansa ya m'mapapo yokhala ndi EGFR yosinthika

Mayi amene ndikulemba nkhani yawo anavomera kuti ndiilembe, ndipo ndasintha zina ndi zina kuti asadziwike. Ndine dokotala wa matenda a m'chifuwa pachipatala china muno mu Johannesburg. Pagulu lathu wolankhula Chichewa ndine ndekha, ndiye anamwino akaona kuti wodwala ndi wakumudzi ndipo Chizulu chikumuvuta, amandiitana ngakhale lisakhale tsiku langa la kiliniki. Mayiwa ndinawadziwa motero, ndili womasulira, ndisanakhale dokotala wawo.

Mbiri ya wodwala

Ali ndi zaka 47, kwawo ndi ku Dedza, ndipo ku Joni kuno akhalako zaka 11. Amagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Randburg, koma amagona ku Rosettenville m'chipinda cha lendi pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Fodya sanasutepo, ngakhale wa mphuno. Kachilombo ka HIV alibe, shuga alibe, BP ili bwinobwino. Kuyambira ali mtsikana mpaka tsiku lonyamuka kumudzi ankaphikira nkhuni m'kakhitchini kopanda zenera, koda ndi mwaye mpaka kudenga. Bambo awo anagwirako ntchito kumigodi ya golide nthawi ya Theba ndipo anamwalira akutsokomola. Pabanja pawo amangoti "chifuwa cha abambo chija".

Matenda anayamba ndi chifuwa chouma, kenako kubaya m'nthiti za kumanja. Chomwe chinawatengera kukiliniki ndi befu: ankalephera kukwera masitepe a nyumba ya abwana atanyamula basiketi ya zochapa osaima pakati. Pa miyezi itatu anatsika kuchoka pa makilogalamu 68 kufika pa 62. Thukuta la usiku analibe, thupi silinkatentha.

Kukiliniki anayeza makhololo pa makina ofufuza TB otchedwa GeneXpert Ultra, osapeza TB. Anawapatsa amoxicillin, osasintha kanthu. X-ray inaonetsa madzi odzaza pafupifupi theka la chifuwa cha kumanja. Kuchipatala chaching'ono chomwe anawatumizako anapopa madziwo: anali ofiirira, osakanikirana ndi magazi pang'ono, puloteni 48 g/L, maselo ambiri ali ma lymphocyte (mtundu wa maselo oyera a m'magazi), ADA (chizindikiro chomwe chimakwera m'madziwo ngati muli TB) 24 U/L. GeneXpert ya madziwo sinapezenso kanthu. Anawayambitsa Rifafour, mapiritsi a TB, tsiku lomwelo. Madzi oti akaunikidwe ngati muli maselo a khansa sanatumizidwe.

Anzanga amene anachita izi sindikuwaloza chala. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 2022 anthu pafupifupi 280,000 anadwala TB mu South Africa, ndipo munthu woonda, wotsokomola, wa madzi mbali imodzi ya chifuwa, kawirikawiri amakhaladi ndi TB. Komanso GeneXpert imaphonya kwambiri m'madzi a m'chifuwa chifukwa tizilombo timakhalamo tochepa, ndiye tonsefe tinazolowera kusaitengera ikanena kuti mulibe. Koma ADA inali kulankhula. Pa TB ya m'madzi a m'chifuwa nthawi zambiri imapitirira 40, ndipo 24 mwa mayi wopanda HIV, madzi ake a magazi, inayenera kuimitsa munthu cholembera chili m'manja.

Inenso sinandiimitse. Mayiwa anafika kwa ife sabata yachisanu ndi chiwiri ya mankhwala, madzi atadzazanso. Ndinapopa malita 1.2, ndinatumiza mamililita 20 okha kuti akaunike maselo, n'kuwauza kuti apitirize mapiritsi mpaka miyezi iwiri yoyamba ithe. Yankho linabwera loti muli maselo osaoneka bwino koma ndi ochepa, sangatsimikize. Masabata anayi anapita chabe, ndipo amenewo ndi anga.

Zomwe tinapeza titayang'ana bwino

Atabweranso anali pa makilogalamu 59. Mpweya sumamveka kumunsi kwa phapo la kumanja, zala zinali zitayamba kufufuma kunsonga, mwanabere m'khosi analibe. Titapopanso madzi tinajambula sikani ya CT, ndipo chomwe madzi ankabisa chinaonekera: chotupa cha masentimita 3.4 kumtunda kwa phapo la kumanja, m'mphepete mwake muli timizere ngati mizu ya udzu, timatotupa tina pachikopa chokuta phapo, ndi anabere otupa pakati pa chifuwa. Chiwindi, mafupa ndi ubongo zinali zoyera. Khansa ikangofika m'madzi a m'chifuwa imawerengedwa kuti ili pa siteji 4A, ndipo opaleshoni yochotsa chotupa siyikhalanso njira.

Ulendo uno ndinatumiza madzi ochuluka. Alabotale anaumba maselo pamodzi kukhala kabuloko n'kumadula tizidutswa topakapo utoto wosiyanasiyana. Pa mitundu ya utotoyo, TTF-1 ndi napsin A zinagwira, p40 sinagwire, calretinin sinagwirenso. Yomalizayi tinaifunsa dala, chifukwa dziko lino linakumba asbestos zaka zambiri ndipo mesothelioma, khansa ya chikopa chokuta phapo yomwe asbestos amayambitsa ndipo calretinin amaionetsa, siisowa kuno. Yankho linali adenocarcinoma ya m'mapapo, mtundu womwe umapezeka kwambiri mwa amayi osasuta.

Apa mpamene nkhani ya kuyeza DNA ya chotupa inalowa, ndipo apanso mpamene tinagwira njakata. Utoto uliwonse umadya kachidutswa. Pofika nthawi yoti tiyeze EGFR, kanthu ka paselo kamene kakasinthika kamakulitsa khansa, kabuloko kaja kanali katatha, ndipo maselo a khansa otsala sanafike mlingo womwe makina amafuna. Papepala lopita kulabotale sindinalembepo kuti asungeko zina zoyezera DNA. Masiku ano ndimalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

"Majini"

Ndisanapitirire, ndinene zomwe zinachitika m'chipinda tsiku lomwe ndinkafotokoza za kuyezaku, chifukwa aliyense wogwira ntchito ndi odwala a Chichewa adzakumana nazo.

Ndinati, "Mayi, tikufuna tiyeze majini a chotupachi." Ndinangotenga liwu lomwe timagwiritsa ntchito tikamacheza achipatala tokhatokha n'kuliveka Chichewa. Mayi aja anawerama, manja n'kuika pamiyendo, chete. Mwana wawo ndi amene anayankha, mwaulemu koma molimba: "Pepani adokotala, amayi ndi a Chigwirizano. Za majinizo ayi." Iwo anamva kuti ndikunena za mizimu ija imagwira munthu n'kumamugwetsa. Ndipo popeza panali kale achibale ena kumudzi omwe ankati matendawa ndi otumizidwa chifukwa cha nyumba ya malata yomwe mayiwa anamanga, liwu langa linagwera pachilonda.

Ndinasintha, ndikuti DNA. Mwana uja anati, "Yoyezera ngati mwana ndi wa bambo ake ija?" Tinaseka tonse, ndipo kusekako kunathandiza.

Chomwe chinamveka ndi ichi. Ndinawauza kuti m'selo iliyonse ya thupi muli malangizo olembedwa, ouza seloyo nthawi yokula ndi nthawi yoleka. Pakhungu la selo pali kanthu kotchedwa EGFR, kamene ntchito yake ndi ngati mpopi: thupi likafuna maselo atsopano umatsegulidwa, likakhuta umatsekedwa. M'zotupa zina malangizo opangira mpopiwo amalembeka molakwika, ndiye umatuluka wakutha labala, madzi amangotayika usana ndi usiku. Ngati chotupa chawo chili cha mtundu umenewu, pali piritsi lotseka mpopiwo, ndipo sitiyamba ndi dilipi ya kemo. Mayi anati, "Ndiye mukufuna muone ngati mpopi wanga ndi womwewo." Ndinati eya, basi.

Zimenezi zinadziwika mu 2004, pamene magulu a ofufuza ku Boston anapeza kuti odwala ochepa amene ankachira modabwitsa ndi piritsi lotchedwa gefitinib anali ndi kusintha kwa EGFR m'zotupa zawo. Kusintha kwa mitundu iwiri, kudukapo kwa kachigawo ka malangizo a EGFR kotchedwa exon 19 ndi L858R ya pa exon 21, ndi komwe kumapezeka mwa odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse a EGFR. Mwa azungu a adenocarcinoma imapezeka mwa 10 mpaka 15 pa 100, pomwe kum'mawa kwa Asia imafika 40 mpaka 50. Mu 2007 ofufuza a ku Japan anapezanso kusintha kwina m'khansa ya m'mapapo, kwa ALK, ndipo kuyambira pamenepo mndandanda wangokulirakulira: ROS1, BRAF, MET, RET, KRAS. Lero adenocarcinoma yofalikira siyenera kuyamba kuchizidwa tisanafunse mafunso amenewa, wodwala akhale wosuta kapena wosasuta.

Magazi akana, kanyama kavomera

Popeza kabuloko kanatha, tinayesa njira yachidule. Maselo a khansa akamafa amataya tizidutswa ta DNA m'magazi, ndipo makina amatha kutitola pakati pa DNA ya maselo abwinobwino. Njirayi inavomerezedwa koyamba ku America mu 2016 poyeza EGFR. Tinatenga magazi m'machubu apadera, ndipo patatha masiku asanu ndi atatu yankho linabwera: palibe kusintha kwa EGFR komwe kwapezeka.

Mnzanga wina wachinyamata anawerenga pepalalo n'kunena kuti basi, tiwalembere kemo. Apa ndi pomwe ndikufuna owerenga lipotili aime pang'ono. DNA ya chotupa m'magazi nthawi zambiri siifika ngakhale gawo limodzi mwa 100 a DNA yonse yoyandama mmenemo. Kuyeza magazi kumaphonya pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi omwe chotupa chawo chilidi ndi EGFR yosinthika, ndipo kumaphonya koposa pamenepo ngati khansa ikadali m'chifuwa mokha, monga zinalili ndi mayiwa. Magazi akati chilipo, timakhulupirira n'kuyamba mankhwala. Akati palibe, ndiye kuti sitinadziwe kanthu, ndipo tiyenera kubwerera kukatapa kanyama. N'chimodzimodzi ndi GeneXpert ija ya m'madzi a m'chifuwa, imenenso ndi makina ofufuza DNA, koma ya kachilombo ka TB. Chodabwitsa n'chakuti ya TB ikakana timaikayikira msanga, koma ya khansa ikakana timafuna kuikhulupirira, mwina chifukwa ndi yodula ndipo pepala lake limabwera lokongola.

Pa chifukwa chomwechi, wina akakuuzani kuti mungoyezetsa magazi mudziwiretu ngati muli ndi khansa ya m'mapapo musanadwale, dekhani. Chotupa chaching'ono chimataya DNA yochepa zedi. Njira yomwe inatsimikizika kuti imachepetsa imfa pofufuza anthu osadwala ndi sikani ya CT ya mphamvu yochepa, yomwe pa kafukufuku wa NLST wa 2011 inachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 pa 100, koma mwa anthu osuta kwambiri. Mayi athuwa sakanalowa n'komwe m'gulu limenelo.

Tinapempha a opaleshoni ya chifuwa kuti alowe ndi kamera pakati pa nthiti. Anatapa tinyama tokwanira pachikopa chokuta phapo, n'kuthiramo ufa wa talc kuti phapo limatirire kukhoma la chifuwa, madzi asapezenso pokhala. Ulendo uno tinagwirizana ndi alabotale pafoni: utoto ungokhala wotsimikizira, zotsala zonse zipite ku makina a NGS, omwe amawerenga malangizo ambirimbiri nthawi imodzi. Patapita masabata awiri: kudukapo kwa exon 19 mu EGFR. ALK, ROS1 ndi KRAS munalibe. Zizindikiro za TB m'kanyamako munalibenso, ndipo madzi omwe tinadzala kulabotale anakwanitsa masiku 42 osamera kanthu.

Chithandizo

Choyamba chinali kusiya mankhwala a TB, ndipo apa panali ntchito. Miyezi inayi anamwino anakhala akuwauza kuti ukadumphitsa tsiku limodzi TB imalimba, ndipo iwo sanadumphitsepo. Anatulutsa khadi lawo lobiriwira, lochongedwa tsiku ndi tsiku, n'kundifunsa kuti, "Ndiye onsewa ndamwera chiyani?" Ndinawauza zoona, kuti tinaganiza molakwa, ndipo inenso ndinali m'gulu la olakwawo.

Panali chifukwa china chofulumizitsa. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB aja, amadzutsa chiwindi kuti chizigaya mankhwala ena mwaliwiro. Pa mapiritsi otseka mpopi wa EGFR uja, erlotinib akamwedwa pamodzi naye amatsika m'magazi kuposa theka, osimertinib amatsika pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Ndipo chiwindi sichibwerera mwakale tsiku lomwelo, chimatenga pafupifupi masabata awiri. Tinadikira masabata awiriwo.

Mwa kufuna kwanga ndikanayamba ndi osimertinib. Pa kafukufuku wa FLAURA, odwala omwe anayamba ndi mankhwalawa anakhala miyezi 18.9 khansa isanayambenso kukula, poyerekeza ndi miyezi 10.2 kwa omwe anayamba ndi gefitinib kapena erlotinib, komanso amalowa bwino mu ubongo. Koma mayiwa alibe medical aid, ndipo mtengo wake wa mwezi umodzi unkaposa kutalitali malipiro awo. Chomwe tinatha kupeza ndi erlotinib, 150 mg kamodzi patsiku.

Piritsili limamwedwa m'mimba muli mopanda kanthu, ola limodzi usanadye kapena maola awiri utadya. Iwo amadzuka 4 koloko m'mawa kuti apeze takisi yoyamba, ndiye tinapangana kuti azimwa akangodzuka, tiyi azikamwera kuntchito. Pofunsa bwino ndinapeza kuti madamu awo ankawapatsa omeprazole wa kutentha pamtima. Ameneyu amachepetsa asidi m'mimba, ndipo erlotinib popanda asidi sasungunuka bwino. Tinamuchotsa.

Sabata yachiwiri ziphuphu zinatuluka kumaso, pachifuwa ndi kumsana, monga zimachitira mwa odwala ambiri a mankhwalawa. Tinapereka doxycycline ndi mafuta a hydrocortisone, n'kuwauza apewe dzuwa poyanika zovala. Mabuku ambiri amajambula ziphuphuzi pakhungu loyera, pomwe zimaoneka zofiira. Pakhungu lathu sizifiira kwenikweni, koma zikapola zimasiya mawanga akuda, ndipo kutchalitchi wina anawafunsa ngati ayamba mafuta oyeretsa khungu. Izi zinawapweteka kuposa kutsegula m'mimba, komwe loperamide anakuthetsa m'masiku ochepa.

Patatha masabata asanu ndi atatu chotupa chinatsika kufika pa masentimita 1.9, madzi sanabwererenso, sikelo inakwera kufika pa 64. Anabwerera kuntchito.

Funso la mwana

Mwana wawo anandidikira pakhonde tsiku lina amayi ake ali kojambulitsa. Anati agogo ake anafa ndi chifuwa, amayi ake ndi awa, ndiye iyeyo ndi mwana wake wamng'ono ayezetse liti? Ndinamufotokozera kuti kudukapo kwa exon 19 kunachitika m'maselo a chotupa mokha, amayi ake ali kale wamkulu. Sanabadwe nako, ndipo m'dzira lomwe linapanga iyeyo munalibe. Za agogo akewo, munthu amene anapuma fumbi la mwala pansi pa mgodi wa golide chomwe chimamupha kawirikawiri ndi silicosis (kuwonongeka kwa mapapo chifukwa cha fumbilo) ndi TB, matenda omwe anachititsa mlandu waukulu uja womwe unathera pa chipukutamisozi cha R5 biliyoni mu 2019 ndi kukhazikitsidwa kwa Tshiamiso Trust. Chifuwa cha agogo ndi cha amayi zikungofanana kutsokomola.

Mwezi wa 11 ali pa erlotinib

Anabwera akudandaula msana. CT inaonetsa kuti chotupa chakulanso, pali china chatsopano pachiwindi, ndi china pafupa la msana cha m'chiuno. Tinatenganso magazi, ndipo ulendo uno analankhula: exon 19 yakale ija, ndi pambali pake T790M. Makina ndi omwewo, labotale ndi yomweyo. Chomwe chinasintha n'chakuti khansa inali itatuluka m'chifuwa ndipo inkataya DNA yambiri. Yankho limeneli linawapulumutsa ku singano ya pachiwindi.

T790M ndi kusintha kwachiwiri pa EGFR yomweyo, komwe kumachititsa kuti erlotinib asagwirenso pamalo pake. Kumapezeka mwa odwala 50 mpaka 60 pa 100 omwe mankhwala oyambawa awasiya kugwira. Osimertinib anapangidwira kumeneku, ndipo pa kafukufuku wa AURA3 anagwira khansa miyezi 10.1 pomwe kemo inagwira 4.4. Mayiwa anagwera mbali yamwayi. Akanakhala m'theka linalo, khomo ili likanakhala lotseka, ndipo n'chifukwa chake ndimanenabe kuti kuyamba ndi erlotinib kunali kukakamizika osati kusankha.

Fupa la msana analiwotcha kamodzi ndi cheza (radiotherapy) cha mlingo wa 8 Gy, ululu unazilala m'masabata awiri. Tinajambula ECG ndi sikani ya mtima tisanayambe, chifukwa osimertinib amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuufooketsa. Ndalama zinachokera kungapo: abwana awo, mchimwene wawo wa ku Cape Town, ndi amayi a kumpingo kwawo omwe anasonkha kuchokera m'thumba lomwe kale linali la maliro okha. Ali pa 80 mg patsiku, uno ndi mwezi wachisanu, ndipo sikani yapitayi chotupa cha pachiwindi chinachepa.

Iwo akudziwa kuti piritsili silichotsa khansa, limangoigwira, ndipo tsiku lina nalonso lidzatopa. Anandifunsa okha ndipo ndinawayankha. Pambuyo pake anapempha chinthu chimodzi, kuti Disembala uno akaone nyumba yawo ija.

Ulendo wa basi kuchokera ku Park Station kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Dedza umadya pafupifupi masiku awiri, ndipo wodwala khansa akakhala nthawi yaitali osayenda magazi amatha kuundana m'miyendo. Ndawauza azitsika paliponse basi yaima, azimwa madzi, ndipo mwendo umodzi ukatupa kapena befu likabwera mwadzidzidzi asadikire kufika. Mapiritsi tawakonzera a miyezi iwiri, m'chikwama cha m'manja osati mu thelera. Kalata yopita kwa achipatala akumudzi ndailemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndaphatikizapo zotsatira za kanyama ndi za DNA. Mantha anga ndi amodzi: mayi woonda akatsokomola kumeneko, X-ray yake idzaonetsa mthunzi kumanja, ndipo wachipatala wakhama adzatambasula dzanja kutenga mankhwala a TB, monga tinachitira ife. Pamwamba penipeni pa kalatayo ndalemba kuti asapatsidwe rifampicin asanandiimbire foni, ndipo mwana wawo wajambula tsambalo n'kulitumiza kale pa WhatsApp kwa malume ake ku Dedza.